Kodi dziko langwiro lingatheke, ndipo angalilipire ndani?

Bambo Mwale, Mufakose

Abale ndi alongo a mtundu wa ku Malawi okhala muno m'Harare, ndikupempha kuti lero tisiye kaye nkhani za mtengo wa ufa ndi za mapasipoti, tikambirane funso limene ana athu ophunzira akhala akutifunsa ife akuluakulu. Kodi anthu angathe kumanga dziko langwiro, lopanda njala, lopanda umbava, lopanda wolemera wodyera wosauka masuku pamutu? Ngati angathe, mtengo wake ndi wotani, ndipo woulipira ndi ndani? Ine ndinene maganizo anga poyera pachiyambi pomwe. Sindikhulupirira kuti dziko lotere lingatheke pansi pano, ndipo ndimamuopa kwambiri munthu amene wakhulupirira kuti lingatheke ali ndi asilikali m'manja mwake.

Ku Cambodia, mu April 1975, gulu la Khmer Rouge lotsogozedwa ndi Pol Pot linalanda mzinda wa Phnom Penh n'kutulutsamo anthu onse, ngakhale odwala amene anali gone m'zipatala, kuti akalime mpunga kumidzi. Anathetsa ndalama, misika ndi chipembedzo ponena kuti akufuna dziko la alimi ofanana, lopanda bwana ndi wantchito. Pofika mu January 1979, anthu apakati pa 1.5 miliyoni ndi 2 miliyoni anali atafa ndi njala, matenda, ntchito yakalavulagaga ndi kuphedwa kumene, m'dziko limene linali ndi anthu osakwana 8 miliyoni. Masomphenya atsogoleri amenewo anali nawo, koma m'masomphenyamo munalibe malo a munthu wokayika, wofooka kapena wotsutsa.

Chikondi, Mount Pleasant

Bambo Mwale, ndi ulemu wonse, mwasankha chitsanzo choipitsitsa kuti mutseke nacho nkhani isanayambe n'komwe. Ine ndili m'gulu la ana amene mwawatchulawo, ndipo chimene chimatiwawa n'chakuti mawu akuti "sizingatheke" amatuluka kawirikawiri pakamwa pa munthu amene wadya kale. Inalipo nthawi imene akapolo ankawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota ulendo wa ku Kilwa, ndipo anzeru a masiku amenewo akanatha kunena kuti ukapolo unalipo chilengedwere dziko, sungathe. Malonda amenewo anatha m'zaka za m'ma 1890. Nthomba inapha makolo athu ndi kuchititsa ena khungu kwa zaka mazanamazana, koma mu 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti yatheratu padziko lonse. Muno m'Zimbabwe, ufulu utabwera mu 1980, ana a anthu akuda amene kale ankalekezera ku pulayimale anadzaza masekondale amene anamangidwa mpaka kumidzi yakutali. Zonsezi zinayamba ndi anthu okana kulandira dziko monga analipezera. Mukatilanda chithunzi cha dziko langwiro, tiziyenda tikuyang'ana kuti?

Bambo Mwale, Mufakose

Mwana wanga, zitsanzo zako ndazilandira zonse, ndipo sindikufuna kuti mtima umenewo uzime mwa iwe. Koma taona kuti chilichonse mwa zimenezo chinali choipa chimodzi chokhala ndi dzina, chimene ungathe kuloza n'kudziwanso tsiku limene chatha. Amene ankalimbana ndi nthomba mdani wawo anali nthenda. Amene amafuna kukonza dziko lonse nthawi imodzi sachedwa kupeza kuti cholepheretsa chachikulu ndi anthu eniakewo, chifukwa wina ndi waulesi, wina ndi wadyera, wina sakufuna kusiya manda a makolo ake, wina akupemphera mosiyana ndi anzake. Pamenepo mdani amasanduka munthu.

Mayi Nabanda, Budiriro

Ndalama zinathetsedwa ku Cambodia, koma ife kolera anatipeza pakhomo, choncho ndiloleni ndibweze nkhaniyi kuno kwathu. Kuyambira mu August 2008 mpaka chapakati pa 2009 nthendayi inagwira anthu pafupifupi 100,000 m'dziko lino n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro anali amodzi mwa malo amene anakhudzidwa koposa. Ndinali m'gulu la amayi osamalira odwala nthawi imeneyo. Mapaipi a suweji anali ataphulika, m'mipopi munalibe madzi, anthu ankatunga m'zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi, ndipo munthu amene mwapatsana naye moni m'mawa ankatha kukhala maliro dzuwa lisanalowe.

Kuyambira pamenepo ndimamva mosiyana anthu akamayamikira ufulu wa aliyense wochita zofuna zake. Chisokonezo nachonso chili ndi mtengo, ndipo amaulipira ndi ana aang'ono ndi nkhalamba. Ine sindikufuna dziko langwiro la m'mabuku, Bambo Mwale, koma ndikufuna boma lokhala ndi mano, loti likanena kuti pano sipamangidwa nyumba chifukwa ndi dambo, kapena pano sipagulitsidwa chakudya chifukwa pakuyenda zonyansa, mawu ake azimveka. Ngati ena angalire chifukwa cha zimenezi, alire ali moyo.

Mayi Nangozo, Hopley

Achemwali a Nabanda, mawu anu ndawamva ndi chifundo, chifukwa inenso ndinaika m'manda wachibale chaka chimenecho. Koma boma lokhala ndi mano ine ndinalionapo. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi malo a malonda m'mizinda imene anthu ankangoitcha kuti tsunami, ndinkachita lendi kanyumba ka kuseri ku Mbare ndipo ndinkagulitsa tomato ndi masamba kuti ana adye. Kanyumbako kanagwetsedwa m'nyengo yozizira, tebulo langa la malonda linapita, ndipo tinauzidwa kuti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Ine ndinabadwira muno. Bambo anga anachokera ku Dedza ali mnyamata n'kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya mpaka kumwalira. Kumudzi kumene ankandiuzako kunali kuti?

Zifukwa zimene zinaperekedwa nthawi imeneyo ndi zomwezo mwatchulazi: ukhondo, dongosolo, kuthetsa umbava, kubwezeretsa ulemerero wa mzinda. Wogwira tsache ndiye amasankha chimene chili chinyalala, ndipo chaka chimenecho chinyalalacho tinali ife. Lipoti la nthumwi ya United Nations, Mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena ntchito, kapena zonse ziwiri. Ndipo musaiwale kuti kolera amene mukumunenayo anabwera patangopita zaka zitatu mzinda "utayeretsedwa". Ife tinalipira, koma chimene tinalipiriracho sichinabwere.

Mayi Nabanda, Budiriro

Achemwali, sindingakutsutseni pa zimene munaona ndi maso anu, ndipo kugwetsa nyumba za anthu musanawakonzere kopita ndi nkhanza, palibe dzina lina. Chimene ndikukana n'chakuti chifukwa mphamvu inagwiritsidwa ntchito molakwika, ndiye kuti isadzagwiritsidwenso ntchito konse. Ndibwereranso pa mfundo imeneyi ena akalankhulapo.

Bambo Gama, mkulu wa mpingo, Highfield

Ndathokoza Bambo Mwale potsegula nkhaniyi. Ife a mpingo sitingadziyeretse pa funsoli, chifukwa chikhumbo cha dziko lopanda misozi timachilalikira Sabata ndi Sabata. Buku la Machitidwe limafotokoza kuti okhulupirira oyamba ku Yerusalemu anali ndi mtima umodzi, ankagulitsa minda ndi nyumba n'kubweretsa ndalamazo kwa atumwi, ndipo panalibe wosowa pakati pawo. Ambiri amalekezera pamenepo kuwerenga. Mutu wotsatira ukunena za Hananiya ndi Safira amene anabisa gawo la ndalama n'kunama, ndipo mutu winawo ukunena za dandaulo lakuti amasiye olankhula Chigiriki ankaiwalidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Anthu amene anaona Ambuye ndi maso sanathe kusunga ungwiro ngakhale kwa kanthawi kochepa. Koma zindikirani zinthu ziwiri. Petro anauza Hananiya kuti mundawo unali wake asanaugulitse, ndipo ndalamazo zinali m'manja mwake ataugulitsa, kusonyeza kuti palibe amene ankalandidwa. Ndipo amasiye atadandaula, atumwi sanawathamangitse ngati osokoneza umodzi, koma anasankha amuna asanu ndi awiri oti akonze vutolo.

M'fanizo la tirigu ndi namsongole, antchito anapempha kuti akazule namsongole nthawi yomweyo, ndipo mwini munda anawaletsa poopa kuti angazulire pamodzi ndi tirigu. Antchito aja sanali oipa mtima, ankafuna munda woyera. Mawu amene amandiopsa koposa m'Malemba onse ndi a Kayafa, pamene anati n'kwabwino kuti munthu mmodzi afere anthu onse kusiyana n'kuti mtundu wonse uwonongeke. Masamu ake anali omveka, ndipo atsogoleri ambiri akhala akuwabwereza kuyambira tsiku limenelo. Wowerengera masamu amenewa sadziika yekha pamalo pa mmodzi wofayo.

Bambo Zimba, Mabvuku

Ine ndilankhule zimene ambiri amalankhula m'maliro koma amaopa kulemba. Ndinakulira ku Kasungu m'nthawi ya Kamuzu ndisanabwere kuno, ndipo dziko loyandikira ungwiro ndinaliona. Munthu unkayenda usiku ndi ndalama m'thumba osaopa kanthu. Msika wa ADMARC unali pafupi, fetereza ankapezeka, mlangizi ankafika kumunda, ana ankapereka ulemu kwa akulu, ndipo likulu latsopano linamangidwa ku Lilongwe ife tikuona. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinagwira dziko. Lero tili ndi ufulu wolankhula, koma ana athu akuthawira ku Johannesburg kukasesa m'nyumba za eni. Ngati mtengo wa mtendere uja unali kutseka pakamwa anthu owerengeka okonda ndale, ine ndikuti unali wotsika.

Agogo Mbewe, Dzivarasekwa

Mdzukulu wanga ndiye akundilembera, mawu ndi anga. Bambo Zimba, zimene mwanena za misika ndi za kuyenda usiku sindikuzikana, ndinaziona inenso popita kukacheza kwathu ku Mchinji. Koma mawu akuti "anthu owerengeka" ndi amene andidzutsa pamphasa. A Mboni za Yehova sanali okonda ndale. Mlandu wawo unali wokana kugula khadi la chipani chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito mpaka zikwi zambiri anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine si wa mpingo umenewo ndipo ziphunzitso zawo sindigwirizana nazo, koma anali anansi a abale athu, olima nawo malire amodzi. Amene ankawamenya anali anyamata a m'midzi yomweyo, ndipo ena onse ankatseka zitseko n'kukhala chete. Pamenepo ndi pamene ndimaonera mtengo weniweni. Wozunzidwa amalipira ndi thupi lake, koma woonerera amalipira ndi chikumbumtima chake, ndipo mudzi wonse umaphunzira kuyang'ana kumbali.

Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ndipo mitembo yawo inapezeka ku Mwanza, anthu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Chaka chomwecho Attati Mpakati, amene ankatsogolera gulu lotsutsa boma ali kunja, anapezeka ataphedwa muno m'Harare momwe. Ife okhala kuno tinkanong'onezana ngakhale tili kutali chotere, poopa kuti mawu angakafike kwathu n'kukapweteketsa abale. Mtendere umene mukuukumbukirawo unali ndi mantha mkati mwake.

Ndipo tisanamizire azungu kapena andale okha, chifukwa mtima wofuna mudzi wopanda banga ndi wathu wakale. Makolo athu ankamwetsana mwavi pofuna kuchotsa mfiti m'mudzi: wosanza ankayesedwa wosalakwa, wakufa ankayesedwa mfiti, ndipo ambiri omwetsedwa anali nkhalamba zopanda ozitchinjiriza. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka mchape kuchokera cha ku Mulanje, anthu oyenda ndi magalasi ndi mankhwala akumwa, ounjika nyanga pabwalo, olonjeza kuti ufiti watha ndipo imfa zichepa. Izi zisanachitike, Tomo Nyirenda, wochokera kwathu ku Nyasaland, amene ankadzitcha Mwana Lesa, anamiza anthu m'madzi ku Northern Rhodesia ndi ku Congo powaganizira ufiti, mpaka iye mwini ananyongedwa mu 1926. Onsewa ankalonjeza mudzi woyera. Maliro sanaleke, ndipo maliro otsatira ankangofunikanso mfiti ina yoti ilozedwe chala.

Bambo Zimba, Mabvuku

Agogo, za a Mboni ndikuvomera kuti zinali zoipa, ndipo sindikanafuna kuti zichitikire mwana wanga. Koma njala ya 2002 inapha anthu ku Malawi tili kale ndi zipani zambiri. Akufa ndi njala nawonso awerengedwe tikamawerenga mitengo.

Chikondi, Mount Pleasant

Pamenepo Bambo Zimba anena zoona, ndipo ndi zimene ndimayesa kunena poyamba paja. Kusachita kanthu nakonso kumapha, kungoti akufa ake alibe chipilala. Komanso atsogoleri amene mwatchula onsewa anali ankhanza. Nanga Julius Nyerere wa ku Tanzania? Sanadzikundikire chuma, anasiya yekha upulezidenti mu 1985, ndipo pansi pa ujamaa, dongosolo loti anthu azikhala ndi kulima pamodzi, umene anaukhazikitsa ndi chikalata cha Arusha mu 1967, anthu ambirimbiri a ku Tanzania anaphunzira kulemba ndi kuwerenga, dziko la mitundu yoposa 100 n'kukhala lopanda nkhondo yapachiweniweni. Kodi zimenezi sizikusonyeza kuti vuto ndi mtima wa mtsogoleri, osati loto lenilenilo?

Bambo Mwale, Mufakose

Chikondi, wabweretsa chitsanzo chimene chimandivutitsa maganizo kuposa zonse, chifukwa Mwalimu Nyerere ndimamulemekeza. Koma nkhani yake ikalondoledwa bwino imalimbikitsa mantha anga. Kumwera kwa Tanzania, m'chigawo cha Ruvuma, kunali midzi ingapo imene alimi anaiyambitsa okha m'zaka za m'ma 1960, wotchuka kwambiri ukhala Litowa. Ankalima pamodzi, anali ndi sukulu yawo ndi chigayo chawo, ankadzilamulira pamisonkhano, ndipo Nyerere mwini ankaiyamikira. Mu 1969 chipani cholamula chinathetsa bungwe la midzi imeneyi, chifukwa akuluakulu a chipani sanakondwere ndi alimi odziimira paokha. Kenaka, poona kuti anthu akuchedwa kulowa m'midzi ya ujamaa mwa kufuna kwawo, mu 1973 kunalamulidwa kuti kukhala m'midzi yokonzedwa ndi boma n'kokakamiza. Pofika mu 1976 anthu mamiliyoni anali atasamutsidwa, ena atakwezedwa m'malole, ena nyumba zawo zakale zitagwetsedwa kapena kuwotchedwa kuti asabwerere, ndipo ena anaikidwa m'mphepete mwa misewu kutali ndi nthaka yabwino imene ankaidziwa. Zokolola zinatsika ndipo dzikolo linayamba kuitanitsa chakudya kunja.

Apa ndiye pagona mfundo yanga. Mtsogoleri anali woona mtima, cholinga chinali chabwino, sukulu ndi zipatala zinamangidwadi. Koma pamene anthu anati "sitikufuna", boma linasankha pulani m'malo mwa anthuwo. Ujamaa umene alimi anausankha okha unathetsedwa, umene anakakamizidwa ndi umene unafalitsidwa. Ngati zinatero ndi Nyerere, ine sindingapereke mphamvu yotereyo kwa munthu wina aliyense.

Che Jafali, Mbare

Moni nonse. Ine sindinawerenge zambiri ngati a Mwale, koma ndakhala m'komiti ya sosayite ya maliro kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti nkhaniyi ili momwemo. Makolo athu atabwera kuno, ena pansi wapansi, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, anapeza kuti mlendo akamwalira alibe womuika. Anayambitsa masosayite kuti Mchewa, Myao, Mlomwe kapena Mtonga asatayidwe ngati wopanda abale. Pamenepo tinayandikiradi chinthu chokongola: wosesa mumsewu ndi kalaliki amapereka chopereka chofanana pamwezi, ndipo bokosi lawo limakhala lofanana.

Komabe ngakhale pagulu laling'ono chotero funso la mtengo limatipeza. Lamulo limati wolephera kupereka kwa miyezi yakutiyakuti wachoka m'buku. Popanda lamulo limenelo thumba limauma ndipo onse amavutika. Tsono kumwalira mayi wamasiye amene wapereka mokhulupirika zaka zambiri koma analekeza chifukwa cha matenda omwe amuphawo. Mukatsata buku, mwamutaya. Mukaphwanya buku, mawa ena khumi aleka kupereka. Ife tinakangana usiku wonse, ndipo pomaliza buku tinalisiya momwe lilili koma tinayendetsa mbale, aliyense n'kuponyamo zimene akanatha, mayiyo n'kuikidwa mwaulemu. Ena sanakhutire mpaka lero. M'Chisilamu zakaati, chopereka chothandiza osauka, ndi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse a chuma chimene munthu wasunga chaka chathunthu, ndipo lamulo limeneli likusonyeza kuti Mulungu akudziwa kuti osauka adzakhalapo chaka chilichonse, n'chifukwa chake choperekacho n'cha chaka chilichonse. Chimene chimasunga sosayite n'chakuti wolowa amalowa yekha, wosakhutira amalankhula pamsonkhano, ndipo wotopa nazo amatuluka popanda womutsata ndi chikwapu.

Chikondi, Mount Pleasant

Che Jafali, nkhani ya mbale ija yandikhudza, koma dziko si sosayite. M'dziko munthu salowa yekha, amangobadwiramo, ndipo kutuluka kumafuna pasipoti ndi ndalama. Tikanena kuti chabwino chilichonse chizichitika mwa kufuna kwa munthu, ndiye kuti msonkho sudzaperekedwa, katemera adzakanidwa, ndipo amene ali ndi malo aakulu sadzagawirako wopanda malo. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la nthaka ya dziko lino. Kodi akanaibweza mwa kufuna kwawo?

Bambo Gama, mkulu wa mpingo, Highfield

Sakanaibweza, mwana wanga, ndipo kukonza chosalungama chimenecho kunali koyenera. Koma funsa makolo ako kuti analipira ndani pamene mafamu ankalandidwa kuyambira mu 2000. Antchito a m'mafamu zikwi zambiri anataya ntchito ndi pogona, ambiri mwa iwo ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo amene anapatsidwako malo anali ochepa kwambiri. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anthu obadwira muno, osaidziwa n'komwe njira ya ku Mwanza, anapezeka ali ndi zitupa zolembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, osaloledwa kuvota. Zinatengera malamulo atsopano oyendetsera dziko a 2013 kuti obadwira muno kwa makolo a m'maiko a SADC azindikiridwenso ngati nzika. Ife amene tinkatchedwa ndi dzina lonyoza lakuti mabwidi tiyenera kukhala oyamba kufunsa, nthawi iliyonse pakabwera pulani yokonza dziko, kuti amene sanawerengedwe m'pulanimo ndi ndani.

Mayi Nabanda, Budiriro

Ndinalonjeza kuti ndibwerera, ndipo ndabwera ndi funso lolunjika kwa Bambo Mwale, chifukwa kunena kuti ungwiro sungatheke n'kosavuta kusiyana ndi kusankha pamene moyo uli pachiswe. Mu September 2018 kolera anabukanso ku Glen View ndi kuno ku Budiriro. Misonkhano inaletsedwa mumzinda ndipo ogulitsa zakudya m'misewu anachotsedwa. Tiyerekeze mayi wogulitsa nsomba pafupi ndi ngalande ya zonyansa, amene ana ake amadya pokhapokha iye akagulitsa tsiku limenelo. Mukamusiya, ana a eni adwala. Mukamuchotsa, ana ake agona ndi njala. Inu mukanakhala ndi mphamvu mukanatani? Musandiyankhe ndi mbiri ya ku Cambodia.

Bambo Mwale, Mufakose

Mayi Nabanda, funso lanu ndi lachilungamo ndipo sindilizemba. Ndikanamuchotsa pamalopo. Chikondi wanena zoona kuti dziko silingayende popanda kukakamiza kwina kulikonse, ndipo ine sindinanenepo kuti mtengo usamalipidwe konse. Chimene ndikukana ndi mtengo wobisika, woikidwa pamutu pa munthu amene sanafunsidwe ndipo alibe kokadandaula.

Pomuchotsa mayiyo ndikanafuna kuti auzidwe chifukwa chake pamaso, monga munthu wamkulu, osati kuthamangitsidwa ndi ndodo katundu wake n'kulandidwa. Ndikanafuna kuti chiletsocho chikhale ndi tsiku lothera, lomangidwa pa kutha kwa mliri, chifukwa malamulo a nthawi ya ngozi amakonda kukhalitsa ngoziyo itapita. Popeza akusiya malonda kuti ana a tonsefe apulumuke, tonsefe tili naye ngongole, kaya ya malo ena ogulitsirapo, kaya ya chakudya cha masiku amenewo. Akhale ndi ufulu wopita kubwalo la milandu, wolankhula kwa atolankhani, ndi wovota kuti amene anamuchotsawo achoke ngati anachita mosalungama. Ndipo koposa zonse, paipi yophulikayo ikonzedwe, chifukwa si iye amene anaiphulitsa. Wofuna dziko langwiro sangalole zonsezi, pakuti iye amakhulupirira kuti akudziwa kale mathero, choncho wodandaula aliyense amamuona ngati wochedwetsa ulendo. Wovomereza kuti angathe kulakwitsa amasiya khomo lotsegula kuti wolakwiridwa abwere kudzanena. Makalata ngati ija ya maepiskopi a Katolika a ku Malawi ya pa 8 March 1992, imene inatsegula njira ya riferendamu ya zipani zambiri ya pa 14 June 1993, amayenera kuwerengedwa popanda wina kuopsezedwa.

Mayi Nabanda, Budiriro

Yankho lanu ndalilandira theka. Zonse mwatchulazo zimafuna ndalama ndi nthawi, pamene kolera amapha m'maola ochepa, ndipo thumba la mzinda nthawi zambiri limakhala lopanda kanthu. Tsiku limene malo ena ogulitsirapo palibe, chakudya chogawa palibe, ine ndidzanenabe kuti mayiyo achoke pangalandepo, ndipo ndidzadziwa kuti ndamulakwira.

Mayi Nangozo, Hopley

Achemwali, mukadziwa kuti mwamulakwira, ndiye kuti mawa mudzamufunafuna kuti muone ngati ana ake adya, ndipo pamenepo ine ndi inu tingamvane. Mu 2005 akanabwera munthu n'kundiuza kuti kanyumba kanga kali pamalo olakwika, n'kundipatsa miyezi itatu, n'kundisonyeza poti ndikamange pokhala ndi madzi ndi chimbudzi, njerwa ndikanagumula ndekha n'kuzinyamula pamutu. Kuno ku Hopley kumene ambiri a ife tinadzatsitsidwa, madzi tikutungabe m'zitsime ndi pamijigo, ndipo amene ali ndi mapepala a malo amene akukhalapo ndi ochepa. Ngati alipo pagulu pano wodziwa za malamulo a malo, ndikupempha atifotokozere kuti mapepala amenewa timayambira pati kuwafunsa.